Nyongolotsi Zosala Mchere

Chelstone, Lusaka
8 Meyi 2023

Amama okondedwa,

Landirani moni wanga. Ndikhulupirira kuti mwayenda bwino kuchokera ku Chipangali, ndipo aneba athu a Sheila akupatsani makiyi a nyumba. Mundikhululukire kuti ndinanyamuka musanafike, ulendowu unali wadzidzidzi. Ndikukhala kwa mnzanga Nomsa, ndipo chomwe chandibweretsa kuno ndidzakuuzani nthawi yake ikakwana. Musade nkhawa. Apongozi anu a Boaz apita ndi thiraki ku Beira, mwina akakhala mwezi wathunthu, ndiye nyumba ya ku Nabvutika ili m'manja mwanu. Ndalemba kalata chifukwa foni yanu ija inagwera m'chitsime, ndipo sindifuna kuti nkhani zathu zizidutsa pa foni ya aneba. Mukafuna kuyankha, patsani kondakitala wa basi ya m'mawa, amandidziwa.

Ufa uli mu mgolo, makala ali kuseri kwa chitseko. Lepu ndi tomato wa kumpanda muzithirira madzulo.

Tsopano ntchito yeniyeni ndi iyi. Kuseri kwa khitchini, pamthunzi, mupeza ndowa zitatu zosanjikizana. M'menemo ndimaweta nyongolotsi. Inde Amama, nyongolotsi, ndipo musaseke. Ndi zofiira, si za m'dambo zija, a Boaz anandibweretsera m'kachitini kuchokera ku Lilongwe. Zimadya zotsala za m'khitchini n'kuzisandutsa manyowa akuda bii, ndiwo akukulitsa lepu mwamuonayo.

Muzizipatsa makoko a nthochi, a mbatata, a maungu, masamba a tiyi ndi matsinde a lepu, zodula tizidutswa, n'kufotsera pang'ono. Koma chonde, chilichonse chathiridwa mchere musaikemo, ngakhale ndiwo zotsala. Nyama ayi, mafuta ayi. Dzuwa lisazione. Saka lili pamwambalo lizikhala lonyowa nthawi zonse. Ndipo musamaonetse anthu, ndatopa nawo mafunso awo.

Muzisamale ngati mmene mumasamalira anapiye anu aja. Mupereke moni kwa amalume a Matiyasi mukawalembera.

Mwana wanu,
Olipa

*

Nabvutika, Chipata
15 Meyi 2023

Achimwene a Matiyasi,

Muli bwanji kumudziko? Alamu ali bwanji ndi mwendo wawo uja? Mtedza wanga mukuuyang'anira, kapena mbuzi za eni zatsiriza kale? Ine thupi lili bwino, koma mtima ulibe pokhala.

Achimwene, ndakalamba ndisanaone zomwe ndaona m'nyumba ya mphwanu Olipa. Anandilembera kuti amaweta nyongolotsi, ine ndinayesa nthabwala za ana a m'tauni. Nditapita kuseri n'kuvundukula saka, ndinaziona ndi maso anga. Miyandamiyanda, zofiira psuu, zikupiringizana n'kumathawira pansi zitangoona kuwala. Ndinakhala pansi pomwepo, korona wanga ali m'manja.

Akuti ndi zopangira manyowa. Manyowa? Ine ndinabadwira pa khasu, manyowa ndimawadziwa, amachokera m'khola. Ndi liti manyowa anakhala ndi malamulo? Tamverani malamulo ake: zisalawe mchere, zisadye nyama, zisaone dzuwa, zisaonedwe ndi mlendo. Mukukumbukira mankhwala otetezera nkhokwe omwe malemu atsibweni athu anakatenga kwa sing'anga uja? Malamulo ake sanali omwewa? Kwathu chinthu chosala mchere ndi cha mdulo kapena cha chizimba, palibe chachitatu.

Ndiye mukaone ndiwo zake. Lepu wa aneba ndi wachikasu, wofota, koma wa Olipa tsamba limodzi lokwana kufunditsa mwana. A Sheila anandiuza akuseka ndi mano okha kuti iwo amathira feteleza wogula koma sakumufika, manja a Olipa ali ndi mwayi wachilendo. Mawuwo anandilasa.

Chomwe chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Mwanayu wakhala pa banja zaka zonsezi wopanda womubereka kumsana, ndipo katatu konse wapita padera. Zinthu za m'ndowazi zikuswana, iye ayi. Tsopano wathawira ku Lusaka osanena chomwe wapitira. Ndikuopa kuti wina anamunyenga kuti agulitse mimba yake chifukwa cha mwayi wa malonda. Ku Mwami kwa apongozi ake anayamba kale kunong'ona za mkazi wina, ndiye akamva izi banja latha.

Ndakulemberani inu chifukwa ndinu malume wake komanso nkhoswe yake. Ndiuzeni chochita. Koma ndakugwirani mwendo, musauze munthu, ngakhale alamu. Pakali pano ndikungoziponyera makoko ndili patali, ndi mthiko wakale.

Ngati mwakumba mbatata munditumizireko, za kuno n'zodula ngati nyama.

Mlongo wanu,
Edita

*

Chipangali
21 Meyi 2023

Kwa mlongo wanga Edita,

Moni m'dzina la Ambuye. Kuno tili bwino. Mtedza wako tinakumba ndipo uli padzuwa, thonje ndiye ogula sanabwerebe. Mwendo wa mlamu wako ukusinthako.

Kalata yako ndinaiwerenga kawiri, kachiwiri ndili chiimire. Ndadabwa kwambiri. Mwana amene ndinamuperekeza ndekha ku guwa, woimba kwaya, lero akuweta zinthu za mumdima?

Wandiuza kuti ndisauze munthu. Mlongo wanga, wayiwala mwambo. Tsiku lomwe tinamanga ukwatiwu ndinagwirana chanza ndi a Paison, nkhoswe ya kuchimuna, kuti chogwa m'nyumba imeneyi tidzanyamula awiri. Nkhoswe sibisira nkhoswe inzake. Akanadzamva kwa aneba, mlandu ukanagwera ine. Choncho Lachisanu ndinakwera lole ya mtedza mpaka ku Chipata, n'kupitirira ku Mwami. Kwa iwe sindinapatuke, pakuti nyumba imeneyo sindingalowemo isanayeretsedwe.

A Paison anangogwira pakamwa. Asewere ako, amake a Boaz, anamanga chitenje m'chiuno n'kuyamba kulira ngati pamaliro, akuti iwo ankanena kalekale koma palibe ankawamva. Akuti zidzukulu zawo zinathera m'ndowa. Tagwirizana kuti pa 1 Julayi tidzakhale pansi ku Mwami komweko, Olipa alipo. Sindikubisira, mawu a kuchimuna ndi olimba.

Za chochita, usazikhudze ndi dzanja. Ngati uli ndi madzi odalitsidwa a pa Pasaka, waza. Ndipo chinthu choopa mchere chipatse mchere womwewo, wambiri, kuti mphamvu yake ithe. Mwina mwana angamasuke tsikulo lisanafike.

Mbatata zili m'thumba lomwe labwera ndi kalatayi. Ukapeza wobwera kuno utumize shuga ndi mabatire a wailesi.

Ndine mlongo wako,
Matiyasi Phiri

*

Nabvutika
29 Meyi 2023

Mwana wanga Olipa,

Uli bwanji kumeneko? Nomsa akukusunga bwino? Ine ndilipo, nyumba ilipo, koma ndili ndi mawu olemera ndipo sindiwazungulira.

Zinthu zako zija kulibenso. Ndazipha ine, mayi ako. Ndinagula mchere wa miyala mbale yodzaza ku msika wa Kapata, ndinausungunula m'madzi pamodzi ndi odalitsidwa aja. Saka la pamwamba ndinalinyamula ndi ndodo n'kuliponya pa nthochi za kumpopi, kenako ndinakhuthula madziwo m'ndowa ndikunena Tikuoneni Maria. Zinadziponya uku ndi uku, zina zikukwera m'mbali kufuna kutuluka. Ndinkayembekeza kuti ndimva mtima kupepuka, koma ndinangomva chisoni, sindikudziwa chifukwa chake. Patapita masiku fungo linadzaza mpanda wonse, ntchentche ngati pophera ng'ombe, mpaka a Sheila anasuzumira kufunsa ngati kwafa galu. Ndinakumba dzenje n'kukwirira zonse.

Usakwiye msanga, mvera. Chinthu chosala mchere, choopa dzuwa, chobisidwa kwa anthu, ife kwathu timachidziwa dzina lake. Ndinaziona zikuswana tsiku ndi tsiku, ndipo ndinadzifunsa kuti zikuswana m'malo mwa ndani. Iwe manja ali lende, izo miyandamiyanda. Ukanakhala ine ukanaganiza chiyani?

Pali china. Ndinalembera amalume ako kuti andipatse nzeru mwachinsinsi, iwo anathamangira nazo ku Mwami. Apongozi ako amva zonse, ndipo pa 1 Julayi akukufuna kuti ukayankhe. Izi sindinazifune, Mulungu ndi mboni yanga.

Tsono ndiuze zoona. Anakupatsa ndani? Unalonjeza chiyani? Ku Lusaka wapitira chiyani? Ngakhale unalowa m'zinthu zotani, ndine ndinakubereka ndipo sindingakutaye. Tidzapita limodzi kwa ansembe, ine ndidzagwada patsogolo. Ungondiyankha.

Mayi ako,
Edita

*

Nabvutika
12 Juni 2023

Olipa,

Moni. Masabata awiri tsopano, kondakitala akungondipukusira mutu. Akulumbira kuti kalata anaipereka m'manja mwa Nomsa. Wandikwiyira, kapena mcherewo wakubwerera iwe? Chakudya sichikundilowa.

Apongozi anga a Boaz anafika Lachinayi. Asanalowe n'komwe m'nyumba anazungulira kuseri, ali ndi kathumba ka makoko a nthochi omwe anasunga pa ulendo. Anapeza ndowa zili gada padzuwa, zotsuka. Anaima nthawi yaitali. Ukudziwa kuti ine ndi iwo sitiyang'anana m'maso, ndiye anakhala pakhonde chakumbali, chipewa chili pabondo, n'kufunsa motsitsa mawu:

"Amayi, mwazipha zonse?"

Ndinavomera. Ananyamuka n'kulowa m'nyumba.

Mawa lake anapita ku Mwami kukakuikira kumbuyo. Ndamva kwa a Paison kuti anafotokoza mpaka mawu kusasa, kuti nyongolotsizo anagula okha ndipo ndi za manyowa basi. Amayi awo anawayankha kuti mwamuna wonyamulira mkazi makoko kuchokera ku Beira ndiye kuti anadyetsedwa khuzumule, mawu ake sawerengedwa. Akuti umboni wokwanira ndi wa mayi ake enieni a mkaziyo, ndiye kuti ine.

Apongozi anga a Boaz anakwera basi ya ku Lusaka osalawa chomwe ndinaphika. Lepu wako wayamba chikasu. Olipa, ngati ndalakwitsa ndiuze, kukhala chete kwakoku kukundipha.

Mayi ako

*

Lusaka
19 Juni 2023

Amama,

Moni. Makalata anu onse awiri ndawerenga dzulo. Ndinali m'wodi, ndipo Nomsa anawabisa chifukwa adokotala anati ndisamve chondidzidzimutsa. A Boaz atafika nkhope yawo inaulula zonse, ndiye ndinawakakamiza kuti andipatse.

Ndinawerenga n'kubwerezanso, sindinakhulupirire kuti ndi dzanja lanu. Inu Amama? Anthu a m'komboni akanandinena sindikanadabwa. Koma inu, amene munandiphunzitsa Atate Athu, munakhala pansi n'kuganiza kuti ndinagulitsa ana anga chifukwa cha lepu?

Mchere umaziwotcha khungu chifukwa zimapuma ndi khungu lomwelo. Dzuwa limaziumitsa. Nyama ndi mafuta zimawola n'kuitana makoswe. Malamulo onse ndi amenewo. Mukanangondifunsa.

Mwafunsa chomwe ndapitira ku Lusaka. Ndili ndi pakati, mwezi wachisanu. Apa ndi pomwe ena aja ankandithawira. Adokotala a kuno andisoka khomo la chiberekero kuti ligwire, ndipo andilamula kugona chagada mpaka nthawi ikwane. Sindinakuuzeni chifukwa katatu konse mwavina, katatu konse mwadzapinda matewera n'kuwabisa pansi pa sutikesi kuti ndisawaone. Sindinafune kukuvinitsaninso pachabe.

Nditataya wachitatu uja inu munabwerera kukakolola, a Boaz anabwerera pamsewu, ine ndinatsala ndekha m'nyumba ija ili zii. Masiku ena sindinkadzuka n'komwe. A Boaz atabweretsa kachitini kaja ndinayamba kudzuka, chifukwa kunali chamoyo chomwe chinkadikira chakudya cha m'manja mwanga. Zinkadya zomwe aliyense amataya n'kutulutsa dothi lonunkhira ngati mvula yoyamba. Ndi zomwe zinandiimika, Amama. Ndi zomwe mwathira mchere.

Pa 1 Julayi sindingabwere, ngakhale ku bafa amachita kundigwira. A Boaz abwera okha, koma mwamva kale kuti mawu awo sawerengedwa. Ndipo mverani bwino: za mimbayi musauze aliyense, amalume ayi, apongozi anga ayi. Mwana wanga sakhala umboni pa mlandu asanabadwe. Komanso Mulungu akalola kuti uyunso apite, adzati nyongolotsi zamudya, ndipo dzina limenelo ndidzafa nalo.

Moto uwu munayatsa ndinu. Sindikudziwa kuti muuzimitsa bwanji. Ndatopa, dzanja likuwawa kulemba chogona.

Olipa

*

Nabvutika
3 Julayi 2023

Mwana wanga Olipa,

Uli bwanji, ndi uyo sitimutchula? Nomsa umuthokoze m'malo mwanga.

Kalata yako ndinaiwerengera pakhonde, ndipo ndinalira mokweza mpaka a Sheila anabwera akuthamanga kuyesa kwagwa maliro. Ndinawanamiza kuti ndi dzino. Manyazi omwe ndinamva sindingawalembe. Madzi akatayika saoleka, koma ndikupempha undikhululukire, ndinakuchimwira ine mayi ako.

Masiku atatu ndinayenda ngati wotayika m'nyumba muno. Lachinayi lake ndikutsuka mbale kumpopi ndinaona saka lija ndinaliponya pa nthochi, lili lonyowabe chifukwa cha madzi odontha. Ndinati ndilitaye. Nditalinyamula, mayi wanga ine! Pansi pake tofiira, tating'ono ngati ulusi, tikuthawa kuwala, ndi timazira tachikasu ngati njere za mapira tomatirira ku sakalo. Ndinagwada m'matope momwemo. Ndinatola kamodzikamodzi ndi zala zanga zomwe, ine amene ndinkaziponyera chakudya ndi mthiko. Ndowa ndinatsukanso kangapo kuti mchere uthe, ndinang'amba makatoni n'kuwanyowetsa monga ndinapezera poyamba. Makoko ndinakapempha kwa a Sheila, ndipo ndinawatsegulira kuti aone ndi maso awo. Lamulo lako losaonetsa anthu ndaliswa, kubisako n'kumene kunatipweteka.

Loweruka ndinasenza ndowa pamutu mpaka pokwerera minibasi ya ku Mwami. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, amalume ako ndi a Paison pamipando, apongozi anga a Boaz chakumbali, asewere anga pamphasa nkhope ili ndwii. Amalume ako atayamba mawu awo aatali aja ndinawadula, chinthu chomwe sindinachitepo chibadwire. Ndinatula ndowa pakati n'kuvundukula. Anthu anabalalika, a Paison mpaka anagwetsa mpando.

Ndinapisa dzanja mpaka m'chigongono n'kutulutsa dothi lodzaza chikhatho, tofiira tikuyenda pakati pa zala. Ndinawauza kuti bodza linachokera m'kamwa mwanga, ndipo ndabwera kudzalimeza pamaso pawo. Ndinati tonse tikudziwa kuti chizimba chikaswedwa mwini wake amapenga kapena nyumba imagwa tsoka, koma ine ndinathira mchere mbale yonse ndipo chomwe chinavutika ndi lepu yekha. Ndinati chinthu cha mumdima sichikwera minibasi masana pamiyendo ya mayi wa mphakati wa kutchalitchi. A Paison anabwerera pang'onopang'ono, ananunkhiza dothilo n'kunena kuti likununkha m'dimba.

Kenako asewere anandiyang'ana m'maso n'kufunsa:

"Nanga mwana ali kuti? Nanga mkaziyo wabisala chifukwa chiyani?"

Olipa, lilime linandiyabwa ngati ndatafuna chitedze. Mawu atatu okha akanawagwetsa pamphasa pomwepo. Ndinayang'ana apongozi anga, iwo anayang'ana pansi. Ndinangoti mwana amapereka ndi Mulungu, ndipo Olipa adzabwera ndi miyendo yake nthawi ikakwana. Anandinena mawu ena owawa, ndinawameza, ndinawagula ndekha.

A Paison anagamula kuti nkhani ya ufiti yathera pomwepo, woibwereza adzalipira mbuzi. Za mkazi wina a Boaz anakana ataimirira. Amalume ako ndiye anangofunsa monong'ona ngati zinthuzi zingagwire ntchito pa fodya.

Asewere sanakhudze ndowa, ndipo sanandiperekeze. Koma ndili pamsewu kudikira minibasi ndinawaona akubwera, m'manja muli pulasitiki. Anandipatsa akuyang'ana kumbali. Munali makoko a maungu.

"Sindinathire mchere," anatero, n'kubwerera.

Sindikunena kuti mtima wawo wasungunuka, koma makokowo ndadula tizidutswa ndipo ndafotsera. Masiku ano ndikamakonza ndiwo ndimayamba ndapatula zawo, mchere pambuyo.

Iwe gona chagada monga adokotala anena, usadzuke ngakhale kumve kuti nyumba ikupsa. Matewera aja sindinawatulutse mu sutikesi ndipo sindinavine, ndikudikira mawu ako. Zako kuno zikudya bwino, ndipo dzulo ndinaona kuti zayambanso kuswana. Ulendo uno sindinafunse kuti m'malo mwa ndani, ndinangonyowetsa saka n'kuvundikira.

Mayi ako,
Edita